"Imatero, muzingopopa kawiri": bodza limene lidzatiphetsa

 Pepani kuti lero ndabwera ndi mkwiyo. Ndausunga milungu itatu ndikuyesa kuti uzizira wokha, koma wakana. Ukuchokera pa mawu atatu amene ndinawamva pakamwa pa mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha: "Imatero, muzingopopa kawiri."

Nkhani yake ili motere. Loweruka lina m'mawa pakhomo panga panaima kagalimoto kofiira kopanda denga, kotsika kwambiri moti ukakhalamo umakhala ngati wakhala pa mphasa. Ana a m'dera lonse anakazungulira. Wotsikamo anali mnyamata amene ndinamuphunzitsa Physical Science zaka zoposa khumi zapitazo, amene tsopano ali pa ntchito yabwino mu Blantyre. Dzina lake sinditchula, koma wandilola kuti ndimukalipire pagulu bola ena atolepo kanthu. Galimotoyo ndi MGB ya 1972. Anaigula kwa bambo wina wachikulire amene anaisunga m'galaja zaka zambirimbiri osaiyendetsa, ndipo mnyamatayu wathera chaka chathunthu akuikonza pang'onopang'ono. Anati, "Aphunzitsi, kwerani. Titsikire ku Chikwawa tikaone Shire, nkhomaliro ndigula ine."

Ndinakwera mokondwa. Mphunzitsi ndani amene angakane kuyendetsedwa ndi mwana wake? Koma tisanatuluke n'komwe m'tauni ndinaona chinthu chimene chinandiumitsa malovu. Pa mphambano iliyonse mwendo wake wamanja umaponda kawiri, nthawi zina katatu, ngati munthu wopopa mjigo. Kuponda koyamba pedulo imapita pafupifupi mpaka pansi, kachiwiri ndiye imagwirako. Nditamufunsa anangoseka. "Musadandaule Aphunzitsi, galimoto zakale zimatero. Amakaniko abulida katatu, master cylinder ndagula yatsopano yochokera kunja. Anangoti imatero, muzingopopa kawiri." Ndinamuuza kuti aime pambali, atembenuke. Ku Chikwawa sitinapite. Nkhomaliro tinadyera kwathu, nsima ya nyemba, iye atakwiya, ine nditakwiya kuposa iye.

Chimene chikundiwawa n'chakuti mwanayu anapeza 2 pa MSCE m'phunziro langa. Chithunzi cha mabuleki a hydraulic ankachijambula mokongola kuposa mmene ndimajambulira ine pa bolodi. Lamulo la Pascal ankalinena osapumira. Lero munthu wamuuza chinthu chotsutsana ndi lamulo lomwelo, iye wavomera, n'kufuna kutsetsereka nacho phiri atanyamula mphunzitsi wake. Ndiye tinamuphunzitsa chiyani kodi?

TISAINAMIZIRE GALIMOTO

Tiyambe ndi bodza lakuti galimoto zakale zimatero. MGB inkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo anapanga zoposa theka la miliyoni. Injini yake ndi ya 1798 cc, ndipo ikakhala bwino imafika liwiro la makilomita pafupifupi 160 pa ola. Kutsogolo ili ndi madisiki, kumbuyo madiramu. Pamene inkatuluka koyamba, mabuleki oyendera mafuta sanali achilendo ayi. Duesenberg ya ku America inali itagulitsa kale galimoto ya mabuleki otere pa matayala onse anayi mu 1921. Jaguar inapambana mpikisano wa Le Mans mu 1953 ili ndi madisiki, ndipo pofika 1956 Triumph TR3 inkagulitsidwa kwa munthu wamba ili ndi madisiki kutsogolo. Mukuganiza kuti anthu amene ankapanga galimoto zothamanga chotere ankauza ogula kuti azipopa kawiri? Galimotoyi inatuluka m'fakitale pedulo ili yolimba, yogwira pamwamba. Ngati lero yafewa, ilipo mbali imene yaonongeka kapena imene munthu waimanga molakwika.

Chimene chili choona pa galimoto zakale, chimene amakanikowo akanayenera kumuuza, ndi ichi. MGB zambiri za nthawi imeneyo, kuphatikizapo ya mnyamatayu, zili ndi mzere umodzi wokha wa mafuta wopita ku matayala onse anayi. Ku America lamulo linakakamiza mizere iwiri kuyambira 1968, kuti umodzi ukaboola wina ugwirebe, ndipo galimoto za masiku ano zonse zili choncho. Ya mzere umodzi ikaboola pamalo amodzi, kaya kumbuyo kaya kutsogolo, mabuleki onse apita, mwatsala ndi handibuleki ndi pemphero. Choncho ukale wa galimoto ndi chifukwa chochitira mantha kwambiri ndi pedulo yofewa. Iwo anausandutsa chifukwa chokhalira phee.

ZIMENE TIMALEMBA PA BOLODI

Tikumbutsane za Fomu 3. Blaise Pascal, wa ku France, amene anamwalira mu 1662, anaonetsa kuti ukapanikiza madzi otsekeredwa, kupanikizako kumafika paliponse mofanana. Madzi ndi mafuta sizifinyika. Ukakankha mbali ino, mbali inayo imasuntha nthawi yomweyo. Mpweya ndiye umafinyika, ndipo Robert Boyle anaonetsa mu 1662 momwemo kuti kupanikiza kukachuluka kawiri, malo amene mpweya ukutenga amachepa ndi theka.

Tsopano tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti phazi likuponda ndi mphamvu ya 300 N, ndipo pedulo, poti ndi chotukulira, ikuchulukitsa mphamvuyo kanayi. Pa pisitoni ya master pafika 1,200 N. Pisitoniyo ikakhala ya mamilimita 19 m'mimba mwake, nkhope yake ndi pafupifupi 2.8 cm². Gawani, mupeza kuti kupanikiza m'mapaipi kukuposa kupanikiza kwa mpweya wa kunja kuno ka 40. Ndiye muikemo kampweya ka 2 cm³, kosadzaza n'komwe theka la supuni ya tiyi. Pa kupanikiza kotere kampweyako kamafinyika mpaka kutsala pang'ono kutheratu, ndipo malo amene kasiya ayenera kudzazidwa ndi mafuta ochokera ku master. Pisitoni iyenda mamilimita 7 pachabe, ndipo ku phazi, poti tachulukitsa kanayi, ndi pafupifupi masentimita 3. Masentimita atatu a pedulo atha pofinya mpweya wosadzaza supuni, tayala lisanamve kanthu. Kupopa kachiwiri kumangotumiza mafuta owonjezera mpweya usanafutukukenso. Mukachotsa phazi kwa kamphindi, mwabwerera pomwe munayambira.

Mtengo wa kupopa kachiwiriko ndi wotani? Galimoto yoyenda makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse. Kukweza phazi n'kupondanso, munthu atadzidzimuka, kumatha pafupifupi sekondi. Mamita 22 ndi kutalika kwa makalasi awiri kapena atatu mutawandandalika. Mwana wodumpha msewu pa Lunzu kapena wanjinga wonyamula makala sadikira kuti mumalize kupopa.

Nanga phiri limene timafuna kutsikalo? Blantyre ili pamwamba mamita oposa 1,000, Chikwawa ili pafupifupi mamita 100. Galimoto yolemera tani imodzi ikatsika mamita 900 imataya mphamvu yokwana 1,000 × 10 × 900, ndiwo majoule 9 miliyoni. Kutentha kumeneko kungathe kufikitsa pa kuwira malita a madzi oposa 25, kuposa chigubu chodzaza. Kwina kumatengedwa ndi injini mukatsika pa giya yaing'ono, kwina ndi mphepo, koma kotsalako kumathera m'madisiki ndi m'madiramu, pafupi ndi mafuta a mabuleki. Mabuleki ofooka ali ozizira m'tauni sangakhale bwino atatentha pa makona a phiri lija.

PEDULO IMAYANKHULA

Tsiku lotsatira, titachoka ku tchalitchi, tinaikweza galimotoyo pa jeke n'kuitchinjiriza bwino pa zitsulo. Ine si makaniko, ndipo sindidzinamiza. Chimene ndinabweretsa ndi chija timaphunzitsa m'labotale: sintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ona chimene chachitika, lemba. Mawu akuti "pedulo yafewa" amabisa matenda osiyanasiyana, monga mmene "mutu ukundipweteka" angakhalire malungo, njala kapena ngongole. Dokotala wabwino amayamba wafunsa.

Funso loyamba: mukaponda n'kugwiriza phazi pomwepo, pedulo ikuima kapena ikumira pang'onopang'ono? Tinazimitsa injini, iye n'kupopa mpaka pedulo italimba, n'kugwira kwa theka la mphindi. Pedulo yomira imatanthauza kuti mafuta akuthawa. Ngati mulingo wa m'kabotolo ka master ukutsika, akutulukira kunja, ndipo muwafunefune kuseri kwa matayala, m'kati mwa madiramu, m'malumikizidwe a mapaipi, ngakhalenso pa pedulo penipeni, chifukwa master yodontha imanyowetsa kapeti ndi nsapato za dalaivala. Pa galimoto imene ili ndi servo, mafuta amatha kubisala m'menemo osaoneka, nthawi zina n'kuyamwidwa ndi injini n'kutuluka ngati utsi woyera. Ngati pedulo ikumira koma mulingo sukutsika ndipo palibe ponyowa, ndiye kuti labala ya m'kati mwa master yatha, mafuta akungoizemba n'kubwerera m'kabotolo. Apa pokha ndi pamene master imayenera kuimbidwa mlandu. Ya mnyamatayu inaima nji, osamira. Ndinamufunsa ngati amakaniko anayesa zimenezi asanamugulitse nzeru yoitanitsa master yatsopano. Anayang'ana pansi. Yakale ija ili m'katoni kunyumba kwake, ndipo sitikudziwa ngati inali ndi mlandu uliwonse, poti palibe anaifunsa.

Funso lachiwiri: pedulo ikupita patali kenako n'kulimba, kapena ikunyendama ngati siponji mpaka pansi? Izi ndi zinthu ziwiri. Madiramu a kumbuyo a MGB sadzisintha okha. Ma shoe akamatha, mpata pakati pa shoe ndi diramu umakula, ndipo mafuta oyamba amathera kutseka mpatawo. Kupopa kawiri kumabisanso vuto limeneli, n'chifukwa chake anthu amalisokoneza ndi mpweya n'kumabulida mosalekeza. Kuyesa kwake n'kwaulere. Kokani handibuleki kuti ma shoe ayandikire diramu, kenako pondani. Pedulo ikakwera, vuto lili pa mpata wa kumbuyo. Tinatero, ndipo inakweradi ndithu, ngakhale kunyendama kunatsalako. Kuseri kwa diramu lililonse kuli kabawuti ka mutu wa ngodya zinayi. Tinakamanga mpaka tayala litakana kuzungulira, n'kubwezako pang'ono mpaka likuzungulira momasuka. Kena kanali katauma ndi dzimbiri, umboni wakuti palibe anakakhudza chichokereni m'galaja ya bambo aja. Theka la vuto linathera pomwepo, osagula kanthu.

Funso lachitatu: kunyendama kotsalako kuli kuti? MGB ili ndi mapaipi atatu a labala, awiri kutsogolo, imodzi kumbuyo. Tinawapana onse atatu ndi zopanira zosaluma labala, kuti master itsale yokha ndi mapaipi achitsulo. Pedulo inakhala ngati mwala. Ndiye kuti mu master mulibe mpweya. Tinamasula ya kumbuyo, pedulo inakhalabe yolimba. Titangomasula imodzi ya kutsogolo, siponji ija inabwerera. Chenjezo: musapane mapaipi okutidwa ndi waya, mudzawaononga, ndipo paipi ya labala imene yakalamba, ikapanidwa, ndi bwino kuisintha. Ife tinasintha onse atatu pambuyo pake, chifukwa anali ndi ming'alu, ndipo paipi yokalamba imafufuma ikapanikizidwa, nayonso n'kumadya mbali ya pedulo.

Tinachotsa matayala a kutsogolo. Ndinamuuza mnyamatayo kuti ayang'ane caliper, andiuze chimene akuona. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinamufunsa funso la Sitandade 5: ukamiza botolo lopanda kanthu m'ndowa ya madzi, thovu limapita kuti? Anagwira pakamwa. Kabawuti kotulutsira mpweya, kamene amakaniko amati nipple, kanali pansi pa caliper, mbali zonse ziwiri. Ma caliper a galimotoyi ali ndi ya kumanja ndi ya kumanzere. Amene anawamasula kuti asinthe malabala anawasinthanitsa pobwezeretsa. Mabawuti analowa bwinobwino, ntchito inaoneka yaukhondo, chikomekome cha nkhuyu. Koma mpweya umakwera pamwamba, ndipo potulukira pake panali pansi. Akanabulida kakhumi, kapena ka 100, akanangotaya mafuta, thovu lili phee pamwamba pa pisitoni.

Tinawabwezera m'malo mwake n'kubulida mwadongosolo: kuyambira tayala la kutali kwambiri ndi master potsata kutalika kwa paipi, kapaipi koonekera m'kati katamizidwa m'botolo la mafuta, wina akuponda pang'onopang'ono, wina akutsegula ndi kutseka nipple phazi lisanakwere, kabotolo ka master osakalola kuuma. Pa master yakale ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isafike pansi penipeni, chifukwa kumapeto kwa silinda kumene pisitoni siifikako masiku onse kumakhala dzimbiri, ndipo limang'amba labala. Anthu ambiri aononga master yabwino pobulida. Dzuwa lisanalowe pedulo inali yolimba, yogwira pamwamba, kuponda kamodzi.

Zilipo zina zimene sitinazipeze pa galimotoyi koma muzidziwe. Pedulo ikamatalika mukangomaliza kukhota, kenako n'kubwerera bwino, gwedezani tayala la kutsogolo. Bering'i yolekera imachititsa disiki kuyenda mopepeluka n'kumakankhira ma pad m'mbuyo. Pedulo ikamayenda yopanda kulemera kulikonse poyamba, onani kapini kolumikiza pedulo ndi master, bowo lake limakula ndi zaka. Ndipo ikamakhala bwino m'mawa koma n'kufewa mabuleki akatentha, mafuta akuwira.

ZA MAFUTA

Pa mafuta pali umbuli wambiri, ndipo ena ndi wa anthu ophunzira. Mafuta a DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya. DOT 4 yatsopano imayenera kupirira mpaka madigiri 230 isanawire, koma ikayamwa madzi osakwana n'komwe magawo 4 pa 100 alionse, malire amatsika kufika 155. DOT 3 imachoka pa 205 kufika 140. Mafuta akawira amapanga nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika ngati mpweya. Pedulo imapita pansi pakati pa phiri, kenako galimoto ikazizira, ngati mwapulumuka, imabwerera ngati palibe chinachitika. N'chifukwa chake amati mafutawa muzisintha zaka ziwiri zilizonse, kaya galimoto yayenda kaya yangokhala. Chinyezi chomwecho n'chimene chimadya masilinda m'kati. Ndi angati mwa ife amene tinasinthapo mafuta a mabuleki asanadonthe okha? Timangothiramo owonjezera, kuchokera m'botolo limene lakhala lotsegula chaka chathunthu m'buti.

Mnzake wina wa mnyamatayu, wowerenga kwambiri za pa intaneti, anamulangiza kuti athire DOT 5, ya silicone, poti nambala yake ndi yaikulu. DOT 5 ili ndi ubwino wake. Siyamwa madzi, siidya penti, ndipo eni galimoto zakale ena amaikonda pa zifukwa zimenezi. Koma siyenera kusakanizidwa ndi DOT 3 kapena DOT 4, imasunga tithovu ting'onoting'ono nthawi yaitali, ndipo kawirikawiri imapereka pedulo yofewerapo. Kuithira pofuna kuchiza pedulo yofewa kuli ngati kuthira mchere m'ndiwo zowawa mchere. Musaisokonezenso ndi DOT 5.1, imene ili m'gulu limodzi ndi DOT 3 ndi DOT 4. Ndipo inu amene mumathira oyilo wa injini kapena wa giya mafuta a mabuleki akakutherani panjira, dziwani kuti oyilo amatupitsa malabala onse, ndipo mudzayenera kusintha lililonse. Za madzi a sopo zimene ndimamva m'madepoti sindifuna n'kuzikamba komwe.

NDIKUDZIWA ZIMENE MUNENE

Ena munena kuti Aphunzitsi mukunyoza amakaniko, anthu ovutika amene amagwira ntchito padzuwa ndi masipanala atatu. Ayi. Ndikudziwa amakaniko a pansi pa mtengo amene amamva vuto la injini ndi khutu lokha, amene ndingawavulire chipewa. Kusinthanitsa ma caliper ndi kulakwitsa kumene munthu aliyense angachite, ine ndemwe ndinalembapo yankho lolakwika pa bolodi kalasi yonse n'kukopera. Mlandu wanga uli pa chimene chinachitika pambuyo pake. Munthu wabulida katatu osaona kusintha, ndipo m'malo monena kuti "bwana, chandikanika, kafunseni ena," akuti imatero. Mawu amenewo amachotsa vuto pa galimoto n'kuliika m'mutu mwa mwini wake, kuti azolowere. Kunena kuti sindikudziwa sikunaphepo munthu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma pano wofera kuuna ndi kasitomala.

Ena munena kuti zipangizo n'zodula, ndalama yakunja ikusowa, munthu achite bwanji. Taonani bwino nkhaniyi. Chodula chokha chimene mnyamatayu anagula, master ija, n'chimene mwina sichinkafunika. Zimene zinachiza galimoto ndi handibuleki, zopanira zitatu, sipanala, botolo la mafuta ndi maso. Kulosera ndi kumene kumadya ndalama. Wosauka ndiye woyenera kuyeza kwambiri asanagule, chifukwa alibe ndalama yogulira kawiri.

Ena munena kuti kagalimoto ka masewera ka munthu mmodzi wopeza bwino katikhudza bwanji ife oyenda pa minibasi. Apa ndiye pagona nkhani. Nonse munakhalapo pampando wa kutsogolo n'kuona mwendo wa dalaivala ukuvina pa pedulo asanafike pa siteji. Nonse munaonapo kondakitala akudumpha ndi mwala kukaika kutayala. Munanena chiyani? Ine sindinanene kanthu, kambirimbiri, chifukwa ndimafuna kufika msanga, ndiponso ndimaopa kuti anzanga andiseka kuti mphunzitsi wayamba kuphunzitsa m'minibasi. Lamulo la Pascal silisankha galimoto. Thovu limene linali mu MGB ya anthu awiri ndi lomwelo limene lili m'minibasi yodzaza ikutsika Chiweta kapena Khwekhwerere. Kusiyana kwake ndi chiwerengero cha mabokosi.

MLANDU WATHU IFE A CHOKO

Tsopano ndibwere kwathu, aphunzitsi anzanga, chifukwa chala chimene ndalozera amakaniko chasiya zitatu zikundiloza ine. Mwanayu sanalephere kukumbukira Pascal. Nditamufunsa pansi pa galimoto paja, ananena lamulo lonse osaphonya liwu. Chimene sanachite n'kuona kuti pedulo ili pansi pa phazi lake ndi chithunzi chomwe chija cha m'kope. Kwa iye sayansi inali chinthu cha m'chipinda cha mayeso, chimene umachisiya pakhomo limodzi ndi nambala yako ukamaliza pepala lomaliza. Ndipo ndife tinamuphunzitsa choncho. Timathamangitsa silabasi, timalembetsa manotsi, timabwereza mafunso a zaka zapitazo, ndipo zotsatira zikatuluka timaomberana m'manja.

Tidzanena kuti labotale ilibe zipangizo, ndipo n'zoona, masukulu ambiri alibe. Koma phunziro ili limafuna masirinji awiri opanda singano, ina yaikulu ina yaing'ono, ndi kapaipi ka pulasitiki. Dzazani madzi, mwana mmodzi akankhe uku wina agwire uko, amve ndi chala chake kuti kukankha kukufika nthawi yomweyo. Kenako lowetsani thovu limodzi, akankhenso, amve kunyendama. Atembenuze sirinji, aone kumene thovu likuthawira, ayese kulitulutsa kamwa ya sirinji italoza pansi. Mphindi khumi zokha. Ine m'zaka zanga zonse ndinachita zimenezi kangati? Ndikuchita manyazi kunena. Chaka chimene mnyamatayu anali Fomu 3 sindinachite, ndikukumbukira bwino, chifukwa tinali m'mbuyo ndi silabasi. Ndinapulumutsa mphindi khumi, ndipo zinatsala pang'ono kundipeza pa phiri la Chikwawa patatha zaka zoposa khumi.

Chinanso chimene sitiphunzitsa n'kufunsa munthu wamkulu. Mwana wathu amakula akudziwa kuti wovala ovolosi akanena za galimoto, wovala gawuni akanena za matenda, wogwira choko akanena za buku, iwe uziti inde. Ulemu ndi wabwino, ndipo sindikufuna ana amwano. Koma mwana angathe kufunsa mwaulemu kuti, "Pepani bambo, mwati imatero, chikuchititsa n'chiyani?" Makaniko wodziwa ntchito amakondwa ndi funso lotere, amakutengera pansi pa galimoto n'kukuonetsa. Wokwiya nalo wakuuzani kale zonse zimene mumafuna kudziwa. Ngati m'kalasi mwathu mwana wofunsa "chifukwa chiyani" timamuona ngati wovuta, tisadabwe akadzakula n'kumapopa kawiri. Safunsa anadya phula, timawauza choncho, kenako tikawaona akufunsa timakwinya nkhope.

Sabata yathayi ndinalowa m'Fomu 3 ndi masirinji m'thumba. Mtsikana wina wa kumbuyo, amene sayankhula kawirikawiri, atamva thovu lija ndi chala chake anati, "Aphunzitsi, ndiye minibasi ya kwathu ija ili ndi mpweya." Ndinamuuza kuti mwina mpweya, mwina madiramu, mwina zonse ziwiri, ndipo tinathera nthawi yotsalayo kukambirana mmene angasiyanitsire. Manotsi a tsikulo sitinamalize.

Ndiye pempho langa ndi ili. Inu amene muli ndi galimoto, kaya ndi yakale kaya ndi ya dzulo, mawa m'mawa musanalize injini pondani buleki kangapo, kenako gwirizani phazi theka la mphindi. Ikamira, ikanyendama, kapena ikafuna kupopa kuti igwire, galimotoyo isatuluke pa geti kupatula kupita kokakonzedwa, ndipo kumeneko mukafunse chimene apeza, akuonetseni ndi maso. Inu aphunzitsi a Physics, masirinji awiri ndi kapaipi, teremu ino. Inu ana anga amene muli m'maofesi, m'magalaja ndi pa ziwongolero, ndikakupezani mukupopa kawiri ndidzakutsitsani pompo, ngakhale mutakhala ndi ndevu zoyera.

Ku Chikwawa tinapita Loweruka lapitali. Anatsika pa giya yachiwiri ndi yachitatu monga ndinamuuzira, buleki akuponda kamodzi pa kona iliyonse. Nkhomaliro anaguladi iye, ndipo ndinaitanitsa ya mtengo wokwera, poti ngongole ya nyemba zija inali isanathe.